Seva imodzi, magulu ambiri: kupatula ma VM pa netiweki yogawana

Pali funso limene lafala pakati pa osamalira makompyuta m'maofesi a mumzinda wa Tete, ku Moatize mpaka ku Ulónguè: ngati VM (kompyuta yongoyerekeza) iliyonse ili kale payokha, n'chifukwa chiyani akatswiri amalimbikira zoti ma VM apatulidwenso? Chisokonezochi chili ndi pochokera. Munthu amagula seva imodzi, kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena, n'kuikamo Proxmox VE kapena VMware ESXi, n'kupangamo makompyuta 8. Iliyonse ili ndi Windows kapena Linux yakeyake, mawu achinsinsi akeake, disiki yakeyake. Poyang'ana pa sikirini zalekana ndithu. Koma ku mbali ya netiweki, onse 8 amakhala akudyera m'mbale imodzi, ndipo zimakhala choncho mpaka wina atawalekanitsa mwadala.

VM ndi kompyuta yopanda thupi: pulogalamu imene imachita zonse ngati kompyuta yeniyeni pobwereka purosesa, RAM ndi disiki kwa seva imene ikukhalamo. Amene anaphunzira m'Chipwitikizi amati máquina virtual. Pulogalamu yaikulu yogawa zobwerekazo imatchedwa hypervisor, ndipo Proxmox, ESXi ndi Hyper-V ndi ena mwa mayina odziwika. Hypervisor imatchinga bwino RAM ndi disiki ya VM ina kuti inzake isasuzumiremo. Netiweki ndi nkhani ina. VM iliyonse imapatsidwa khadi la netiweki longoyerekeza, ndipo khadilo limalumikizidwa ku swichi yongoyerekezanso ya mkati mwa seva. Swichi ndi chipangizo cholumikiza makompyuta pa netiweki imodzi. Pa Proxmox swichiyo ndi vmbr0, pa ESXi ndi vSwitch0. Mukangovomera zonse zimene pulogalamu yakusankhirani, VM iliyonse imalowa pa swichi yomweyo, pamodzi ndi tsamba loyendetsera sevayo.

## Zimene zimachitika pa bwalo limodzi

Taganizani za mdadada wa nyumba za lendi zoyang'ana pa bwalo limodzi. Banja lililonse lili ndi chitseko chake ndi loko wake, koma wina akafuula pabwalo aliyense amamva, ndipo mwana wa nyumba iyi atha kukagogoda pa chitseko chilichonse popanda womuletsa.

Makompyuta a pa swichi imodzi amafuuladi. Kompyuta ikafuna kutumiza uthenga ku adiresi 192.168.1.10 siidziwa khadi la mwini adiresiyo, choncho imafunsa onse nthawi imodzi: wa 192.168.1.10 ndani? Kafunsidwe kameneka ndi ARP, ndipo uthenga wopita kwa onse umatchedwa broadcast. ARP inalembedwa mu 1982, nthawi imene anthu a pa netiweki ankakhulupirirana, ndipo ilibe njira yotsimikizira kuti woyankhayo akunena zoona. VM imene yagwidwa ndi wakuba itha kuyankha kuti "ndine", n'kuyamba kulandira mapaketi (tizidutswa ta uthenga) a inzake, kuwawerenga, kenako kuwapititsa kwa mwini wake ngati palibe chachitika.

DHCP, imene imagawa maadiresi, ili ndi chilema chomwecho. Kompyuta yongoyatsidwa kumene imafuula kupempha adiresi, ndipo kawirikawiri imatenga yankho lofika poyamba. Wophunzira akayatsa DHCP pa VM yake yoyeserera, makompyuta a ku ofesi ya zachuma amayamba kulandira maadiresi olakwika, intaneti n'kuduka, anthu n'kumadzudzula kampani ya mafoni pomwe vuto lili m'chipinda chomwecho.

Choopsa kwambiri ndi kufala kwa pulogalamu yoipa. WannaCry ya mu Meyi 2017 inkachoka pa Windows ina kupita pa inzake kudzera pa port 445, nambala ya ntchito imene Windows imagawanira mafayilo, popanda munthu kudina chilichonse. Pa netiweki yopanda mipanda, VM imodzi ikadwala ndiye kuti mudzi wonse uli panjira ya matendawo.

## VLAN: chizindikiro pa thumba

Lole ikamanyamuka ku Tsangano ndi kachewere kupita ku msika wa Kwachena mumzinda wa Tete, siinyamula katundu wa munthu mmodzi. Matumba a alimi ambiri amakwera limodzi, lililonse litalembedwa chizindikiro cha mwini wake, ndipo potsitsa aliyense amapatsidwa ake okha. VLAN, njira yogawa netiweki imodzi m'magulu olekana, imagwira ntchito motero. Waya ndi mmodzi, koma paketi iliyonse imalembedwa nambala ya gulu lake, ndipo swichi siipereka paketi ya gulu 20 kwa wa gulu 30. Kufuula kwa ARP ndi DHCP nakonso kumathera m'gulu momwemo.

Lamulo lake ndi IEEE 802.1Q, lotuluka koyamba mu 1998. Limalowetsa mabayiti 4 pa mutu wa paketi ya Ethernet, choncho paketi yaikulu kwambiri imachoka pa mabayiti 1518 kufika 1522. M'mabayiti 4 amenewa, mabiti 12 ndiwo nambala ya gulu. Mabiti 12 amapereka manambala 4096, koma 0 ndi 4095 anasungidwa pa ntchito zina, ndiye otsala ndi 4094. Pa maswichi a Cisco, 1002 mpaka 1005 anasungidwanso kale. Nambala 1 ndi imene khomo lililonse la swichi yatsopano limakhalamo, n'chifukwa chake si nzeru kuikamo chinthu chofunika.

Khomo la swichi, bowo lija mumalowetsamo waya, limaikidwa mwa njira ziwiri. Likakhala access, limakhala la gulu limodzi lokha. Kompyuta yolumikizidwapo siiona chizindikiro ayi: swichi ndiyo imalemba paketi ikamalowa n'kufufuta ikamatuluka. Likakhala trunk, ndiye lole ija, limanyamula magulu ambiri aliyense ndi chizindikiro chake. Waya wochoka pa seva ya ma VM kupita ku swichi amakhala trunk, ndipo mkati mwa seva hypervisor imapatsa VM iliyonse khomo longoyerekeza la access. Mawu akuti port amagwiritsidwa ntchito pa zinthu ziwiri, bowo la swichi ndi nambala ya ntchito ngati 445 ija. Pano bowo tikulitcha khomo kuti zisasokonezane.

Swichi yofunika ndi imene pa bokosi lake palembedwa managed kapena smart, ndiponso 802.1Q. Swichi wamba, yongolowetsa waya basi, siidziwa kupatula kanthu.

## Kuyala magulu

Tiyerekeze bungwe la alimi limene lili ndi seva imodzi ku Ulónguè. Lili ndi pulogalamu ya zachuma ndi malipiro, chipinda chophunzitsira achinyamata makompyuta, ndi tsamba la pa intaneti limene anthu akunja amalowapo. Magulu atha kukhala motere: VLAN 10 ya zoyendetsera, kutanthauza tsamba la hypervisor, la swichi ndi la rauta (chipangizo cholumikiza manetiweki), pa maadiresi 10.0.10.0/24, VLAN 20 ya zachuma pa 10.0.20.0/24, VLAN 30 ya ophunzira pa 10.0.30.0/24; VLAN 40 ya zoonekera kunja pa 10.0.40.0/24. Kufananitsa nambala ya VLAN ndi nambala yachitatu ya adiresi si lamulo, koma tsiku la vuto mumangoona adiresi n'kudziwa gulu. /24 iliyonse imakwana zipangizo 254, kuphatikizapo rauta.

Gulu ligawidwe potengera funso ili: chinthu ichi chikagwidwa ndi wakuba, ndi ziti zimene sitikufuna kuti afikeko? Kugawa potengera zipinda kapena maudindo a anthu kumaoneka kwadongosolo pa pepala, koma kumasiya tsamba la pa intaneti ndi buku la malipiro m'gulu limodzi chifukwa choti woziyang'anira ndi mmodzi.

Ntchito iyambire pa rauta, kaya ndi MikroTik, pfSense kapena OPNsense. Pangani VLAN zinayi pa khomo loyang'ana ku swichi, iliyonse ndi adiresi yothera .1 ndi DHCP yakeyake. Kenako pa swichi, makomo awiri akhale trunk, la rauta ndi la seva, ndipo mulole manambala 10, 20, 30 ndi 40 okha, osati onse 4094. Pa Proxmox, fayilo ya /etc/network/interfaces imaoneka chonchi:

```
auto vmbr0
iface vmbr0 inet manual
    bridge-ports eno1
    bridge-stp off
    bridge-fd 0
    bridge-vlan-aware yes
    bridge-vids 10 20 30 40

auto vmbr0.10
iface vmbr0.10 inet static
    address 10.0.10.5/24
    gateway 10.0.10.1
```

Dzina la eno1 lisinthidwe kukhala la khadi lanu lenileni. Mbali yachiwiriyo ndi imene imasamutsa tsamba loyendetsera Proxmox, la pa port 8006, kupita ku VLAN 10. Apa ndi pamene anthu ambiri amadzitsekera kunja. Mukasintha seva musanasinthe swichi, kapena swichi musanasinthe seva, kulumikizana kumaduka pomwepo. Ntchitoyi ichitike muli pafupi ndi seva, kiyibodi ndi sikirini zili zolumikizidwa, osati muli ku Tete seva ili ku Angónia. Musiyenso khomo limodzi la swichi la access pa VLAN 10 loti mulowetsepo laputopu.

Chomaliza ndi VM iliyonse. Pa Proxmox, khadi la VM lili ndi malo olembedwa VLAN Tag. Lembanimo 20, 30 kapena 40. Pa ESXi mumapanga port group ya gulu lililonse n'kuipatsa VLAN ID. Pa Hyper-V lamulo lake ndi `Set-VMNetworkAdapterVlan -VMName dzina -Access -VlanId 20`. Mkati mwa VM simusintha kalikonse.

Pali misampha iwiri yofanana. Pa ESXi, VLAN ID 4095 siitanthauza gulu la nambala 4095. Imatanthauza kuti VM ilandire magulu onse. Pa Proxmox, khadi losiyidwa lopanda nambala pa swichi ya VLAN aware (yozindikira ma VLAN) limakhala ngati trunk, moti mwini VM atha kudzilembera yekha chizindikiro cha 20 n'kulowa ku zachuma. Malo opanda kanthuwo sakutanthauza kuti VM ilibe gulu. Khadi lotere ndi loyenera rauta yongoyerekeza yokha, ngati pfSense yoikidwa mu VM.

## Chipata, pamene ambiri amagwera

Wina akamaliza zonsezi amayesa ping, lamulo lofunsa ngati kompyuta ina ikufikika, kuchoka ku VLAN 30 kupita ku VLAN 20, n'kudabwa kuti ikuyankha. VLAN siinalephere. Paketi inatuluka m'gulu 30, inafika pa rauta, rauta inaona kuti ikudziwa njira ya ku 10.0.20.0, n'kuipititsa. Ntchito ya rauta ndi kulumikiza manetiweki, ndipo imatero mpaka itauzidwa kusiya. VLAN imamanga mpanda n'kusiya chipata chimodzi, koma mlonda wa pachipatapo ndi firewall, mndandanda wa malamulo onena paketi yoti idutse ndi yoti ibwezedwe. Mpanda wopanda mlonda wangoletsa kufuula kwa ARP ndi DHCP. WannaCry ingadutse bwinobwino.

Pa malire a Zóbuè kapena Calómuè galimoto siidutsa chifukwa choti msewu ulipo. Imadutsa chifukwa mapepala ake akulola. Malamulo a firewall ayambire pamenepo: zonse n'zoletsedwa, kupatula zimene zalembedwa. Malamulowa amawerengedwa kuyambira pamwamba, ndipo pa MikroTik ndi pfSense loyamba kugwirizana ndi paketi ndilo limagamula. Choncho pamwamba pakhale lolola mayankho a kulumikizana kumene kunayambika movomerezeka, limene pa MikroTik limalembedwa established ndi related, ndipo pfSense imalichita yokha. Pansi pake pabwere zololedwa zenizeni, zotchula komwe zikuchokera, komwe zikupita ndi port yake. Mwachitsanzo, ngati tsamba la ku VLAN 40 limafuna nkhokwe ya PostgreSQL ya ku VLAN 20, lamulo likhale lakuti 10.0.40.10 ifike ku 10.0.20.15 pa port 5432 basi, osati VLAN 40 yonse ku VLAN 20 yonse. Kenako loletsa gulu lililonse kufika ku maadiresi amkati, amene ndi 10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12 ndi 192.168.0.0/16, ndipo pambuyo pake lolola kupita ku intaneti. Mukasinthanitsa awiri omalizawa, lamulo lakuti "pitani kulikonse" limameza loletsa lija lisanawerengedwe n'komwe. pfSense imabwera ndi lamulo lolola zonse pa LAN yoyamba, ndipo anthu amakonda kulikopera ku VLAN iliyonse kuti intaneti iyambe msanga. Intaneti imayambadi, mpanda n'kugwa.

Chinanso chimene chimaiwalika ndi rauta yeniyeniyo. Ili ndi phazi m'gulu lililonse, ndiye wophunzira wa ku VLAN 30 safunika kudutsa malire kuti aifikire: 10.0.30.1 ili pakhomo pake. Pa MikroTik mapaketi odutsa amagamulidwa mu forward, pomwe opita kwa rauta yeniyeniyo amagamulidwa mu input. Mukatseka forward yokha, Winbox ya pa port 8291 ndi SSH ya pa port 22, njira zolowera kuyendetsa rauta, zimakhalabe zotsegula kwa onse. Mu input lolani DNS (yomasulira mayina kukhala maadiresi) pa port 53 ndi DHCP kwa magulu onse, zotsalazo kwa VLAN 10 yokha.

IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi, ili ndi malamulo akeake. Mutha kutseka IPv4, mtundu wakale wa maadiresi ngati 10.0.30.1, mothina, koma ngati rauta ikugawa maadiresi a IPv6 ndipo malamulo ake sanalembedwe, njira yachiwiri ili pululu. Lembani malamulo onse kawiri, kapena muzimitse IPv6 pa rauta ngati simukuigwiritsa ntchito.

Za VLAN 10 tisazitenge mopepuka. Amene walowa pa tsamba la hypervisor safunikanso kudumpha mpanda uliwonse, chifukwa atha kusintha nambala ya VM iliyonse, kukopera disiki yake kapena kuifufuta. Mu Febuluwale 2023 pulogalamu yolanda mafayilo ya ESXiArgs inagwira maseva a ESXi masauzande angapo padziko, ambiri mwa iwo akale osakonzedwa, amene mbali yawo yoyendetsera inali yoonekera pa intaneti. Gulu loyendetsera lifikiridwe ndi makompyuta owerengeka, ndipo kuchokera kunja kudzera pa VPN yokha, njira yobisika yolumikizira pa intaneti.

## Anansi a m'gulu limodzi

Firewall ya pa rauta imaona zodutsa pachipata zokha. Ma VM awiri a VLAN 30 akamayankhulana paketi siifika ku rauta, ndipo akakhala pa seva imodzi siituluka n'komwe pa waya. Kwa ophunzira 20 aliyense ndi VM yake, kapena kwa munthu wobwereketsa ma VM kwa makasitomala osadziwana, ili ndi vuto.

Njira ina ndi kupatsa aliyense VLAN yake, koma manambala ndi malamulo zimachuluka msanga. Ina ndi private VLAN, imene imagawa makomo a gulu limodzi m'mitundu itatu: la promiscuous limayankhula ndi onse ndipo ndi la rauta, la isolated limayankhula ndi la promiscuous lokha, la community limayankhula ndi anzake a kagulu kake komanso rauta. Pa VMware zimenezi zimafuna distributed switch, osati swichi wamba ya ESXi. Pa Linux pali `bridge link set dev tap101i0 isolated on`, imene imaletsa makomo awiri a isolated kuonana. Koma imagwira mkati mwa seva imodzi yokha. Maseva akakhala awiri, paketi imatuluka pa seva yoyamba, n'kudutsa pa swichi yeniyeni, n'kulowa pa yachiwiri ngati yochokera kunja, pokhapokha swichiyo nayonso itapatula makomo ake.

Njira imene imakwanira maofesi ambiri ndi firewall ya hypervisor, yoikidwa pa khadi la VM iliyonse. Ubwino wake n'ngwakuti ili kunja kwa VM, ndiye wakuba amene walanda Windows ya mkatimo sangaizimitse. Pa Proxmox iyenera kuyatsidwa pa malo atatu: pa Datacenter, pa VM, ndi pa khadi la netiweki la VM. Mukaiwala amodzi, malamulo amaoneka pa sikirini koma sagwira ntchito. Pomwepo pali MAC filter ndi IP filter zoletsa VM kunamizira adiresi ya inzake. Pa ESXi ikani Reject pa Promiscuous mode, MAC address changes ndi Forged transmits. Pa Hyper-V yatsani DHCP guard ndi Router guard, ndipo wophunzira uja wa DHCP sadzavutitsanso anthu.

## Kudumpha mpanda

Njira zodumphira VLAN zodziwika ndi ziwiri, ndipo zonse zimadalira ulesi wa poika. Yoyamba: maswichi ena a Cisco amakambirana okha zoti khomo likhale trunk pogwiritsa ntchito njira yotchedwa DTP. Kompyuta ikanamizira kukhala swichi, khomo limatseguka magulu onse. Mankhwala ake ndi kulemba `switchport mode access` ndi `switchport nonegotiate` pa khomo lililonse la ogwiritsa ntchito.

Yachiwiri imakhudza native VLAN, gulu limodzi limene limayenda pa trunk lopanda chizindikiro. Wakuba amene ali m'gulu limeneli amalemba zizindikiro ziwiri pa paketi imodzi, chakunja cha native, chamkati cha 20. Swichi yoyamba imafufuta chakunja, yachiwiri imawerenga chamkati n'kupereka paketi ku zachuma. Yankho silibwerera, koma pali ziwembu zimene sizifuna yankho. Sankhani nambala yosagwiritsidwa ntchito, tinene 999, ikhale native pa trunk iliyonse, ndipo musaikemo chipangizo chilichonse. Nambalayo ifanane mbali zonse ziwiri za waya; ikasiyana, magulu awiri amasakanikirana mwakachetechete.

## Maseva akatalikirana: VXLAN

VLAN imathera pamene pathera maswichi anu. Payokha siingadutse pa intaneti ya Tmcel, Vodacom kapena Movitel. Komanso malo aakulu osungira maseva amakhala ndi makasitomala opitirira 4094. VXLAN, yolembedwa mu chikalata cha RFC 7348 cha 2014, imayankha zonse ziwiri. Imatenga paketi yonse ya Ethernet n'kuikulunga mu paketi ya UDP yopita ku port 4789, ngati kalata yoikidwa mu envelopu ina. Nambala ya gulu ndi ya mabiti 24, kutanthauza magulu opitirira 16 miliyoni.

Envelopu ili ndi kulemera kwake, mabayiti 50 pa IPv4. Njira wamba imanyamula mabayiti 1500, muyeso umene umatchedwa MTU, ndiye mkati mwa VXLAN mumatsala 1450. VM ikapitiriza kutumiza 1500, mapaketi aakulu amatayika pomwe aang'ono akudutsa. Zizindikiro zake zimasokoneza mutu: ping ikuyankha, SSH ikulowa, koma tsamba lalikulu limaima pakati ndipo kukopera fayilo kumakakamira. Yesani `ping -M do -s 1422` pa Linux kapena `ping -f -l 1422` pa Windows. 1422 kuphatikiza mabayiti 28 a mutu ndi 1450. Ngati 1422 ikudutsa koma 1472 ikukana, ikani MTU 1450 m'ma VM, kapena kwezani MTU ya maswichi anu kufika 1550 kapena kupitirira ngati njira yonse ndi yanu.

VXLAN siibisa zolembedwa, monganso VLAN. Wotchera khutu panjira amawerenga zonse. Pakati pa ofesi ya ku Tete ndi ya ku Ulónguè iyenera kuyenda mkati mwa VPN ya WireGuard kapena IPsec, zimene zimadyanso mabayiti ena; WireGuard nthawi zambiri imaika MTU 1420, ndiye VXLAN ya mkati mwake imatsala ndi 1370. Pano akatswiri amasiyana maganizo. Ena amakonda kutambasula gulu limodzi malo awiri kuti VM isamuke popanda kusintha adiresi. Ena amati malo aliwonse akhale ndi maadiresi akeake, rauta ziwiri zilumikizane pa VPN, chifukwa kufuula kwa broadcast kumadya intaneti yolipira ndipo vuto la malo amodzi limafika kwina. Oyambawo amapindula pa kusamutsa, achiwiriwo pa kuphweka kwa kufufuza vuto.

## Zimene mpanda uwu suchita

Magulu onse amagawanabe waya mmodzi. Khadi la 1 Gbps silipitirira pafupifupi 125 MB pa sekondi, ndipo VM imodzi yokopera disiki masana itha kulidzaza, a zachuma n'kumadandaula kuti pulogalamu ikuchedwa. Proxmox ili ndi Rate limit pa khadi la VM, ndipo ngati seva ili ndi khadi lachiwiri, zosunga ndi zokopera zipite kumeneko.

Amagawananso hypervisor. Mu 2015 kunapezeka chilema chotchedwa VENOM mu QEMU, pulogalamu imene ma hypervisor ena amagwiritsa ntchito, m'mbali yoyerekeza floppy, chimene chikanalola munthu kutuluka mu VM kulowa mu seva yeniyeni. Mu Januwale 2018 Meltdown ndi Spectre zinaonetsa kuti purosesa yomwe itha kuulula zinsinsi za mnansi. Zotere sizichitika tsiku ndi tsiku, koma VLAN ilibe nazo chochita. Zimatsekedwa ndi kukonzanso hypervisor nthawi ndi nthawi. N'chifukwa chake mabungwe ena amaika zinthu zovuta kwambiri pa seva yapadera, pomwe ena amaona kuti mtengo wa seva yachiwiri, UPS yake (batire yothandiza magetsi akathima) ndi zoziziritsira m'kutentha kwa Tete sukugwirizana ndi kukula kwa chiopsezo.

Ndipo pali milatho imene anthu amamanga okha: VM yopatsidwa makhadi awiri, limodzi ku 20 lina ku 40, "kuti zinthu ziphweke". Firewall siiona zodutsa m'menemo. Chimodzimodzi chosungira mafayilo chimodzi chofikiridwa ndi magulu onse ndi mawu achinsinsi amodzi.

## Kuyesa, ndi tsiku limene magetsi athima

Magulu 4 ali ndi njira 12, chifukwa kuchoka ku 20 kupita ku 30 n'kosiyana ndi kuchoka ku 30 kupita ku 20. Jambulani tebulo, lembani chimene mukuyembekezera pa njira iliyonse, kenako yesani zonse. Ping yokha imanamiza: Windows nthawi zambiri siiyankha ping ngakhale njira ili yotsegula, ndiye mutha kuganiza kuti mwatseka. Gwiritsani ntchito `nmap -Pn -p 22,443,445,3389,8006` pa adiresi ya gulu linalo ndiponso pa adiresi ya rauta, pa netiweki yanu yokha kapena imene mwaloledwa. Pa seva, `bridge vlan show` imaonetsa manambala a khomo lililonse, ndipo `tcpdump -e -n -i eno1 vlan` imaonetsa zizindikiro zimene zikudutsadi pa waya. VM ikapanda kulandira adiresi n'kudzipatsa yoyamba ndi 169.254, kawirikawiri nambala yake yaiwalika pa trunk ina pakati pa seva ndi rauta.

Kenako zimitsani zonse mwadala n'kuyatsanso. Maswichi ambiri ali ndi Apply ndi Save padera, ndipo pa Cisco muyenera kulemba `copy running-config startup-config`. Malamulo a `bridge` ndi `ip` olembedwa pamanja pa Linux amafafanizika seva ikayambiranso. Zimenezi zikaiwalika, mpanda umakhalapo mpaka tsiku loyamba limene magetsi athima nthawi yaitali kuposa batire ya UPS, kenako makomo onse amabwerera ku VLAN 1.

Nyengo ya mvula imabweretsa china. Mphezi ikawotcha swichi, munthu amathamangira kukagula iliyonse imene yapezeka m'sitolo, nthawi zambiri yopanda 802.1Q. Maswichi wamba ambiri amangopititsa mapaketi a zizindikiro osawayang'ana, ndiye ma VM amayambanso kufika ku rauta ndipo aliyense amapuma. Koma tsopano khomo lililonse lasanduka trunk, ndipo laputopu iliyonse yolowetsedwa pakhoma itha kudzilembera 10 n'kufika pa tsamba la hypervisor. Sungani kope la makonzedwe a swichi ndi rauta kunja kwa sevayo, matani pepala pa swichi lolemba khomo lililonse ndi gulu lake, ndipo chipangizo chilichonse chikasinthidwa bwerezani njira 12 zija musanachoke m'chipindamo.